Paipi ya Beira imalimba chifukwa cha valavu ndi dzanja lodekha

BEIRA - Pansi pa nthaka, kuchokera pa doko la Beira kukafika ku Feruka, pafupi ndi mzinda wa Mutare ku Zimbabwe, pagona paipi yachitsulo yotalika pafupifupi makilomita 300. Kukula kwake m'mimba ndi mainchesi 10, ndiye kuti masentimita 25 ndi pang'ono. Mmenemo mumadutsa dizilo, mafuta a ndege ndi gazolina, amene ku Malawi amati petulo. Apaulendo a pa msewu wa EN6 amadutsa m'mbali mwake osaiona, koma ikangoima masiku ochepa, eni magalimoto ku Harare amayamba kuda nkhawa.

Amisiri a ntchito imeneyi saopa kwenikweni chitsulo cha paipi, pakuti chitsulo chikasamalidwa chimatha zaka makumi ambiri. Chimene amayang'anitsitsa ndi malo aang'ono: valavu, mfundo pamene mapaipi awiri alumikizana, kabowo ka dzimbiri, ndiponso dzanja la munthu amene akutsegula kapena kutseka. Malamulo awo ndi omwewo amene akufunika pa depoti ya mafuta ku Tete, pa mgodi ku Moatize, ngakhalenso pa thanki ya dizilo ya chigayo ku Angónia.

Paipi yaona zambiri

Paipi imeneyi inamangidwa ndi kampani ya Lonrho ndipo inayamba ntchito mu 1965, kunyamula mafuta osayenga kupita ku fakitale yoyenga mafuta ya Feruka. Sinagwire ntchito nthawi yaitali. Pa 11 Novembala chaka chomwecho boma la Ian Smith linalengeza ufulu wa Rhodesia popanda chilolezo cha Britain, ndipo maiko analetsa kugulitsa mafuta ku dzikolo. Pofika mu 1966 paipi inali itaima. Sitima zankhondo za Britain zinalondera nyanja ya Beira kuyambira 1966 mpaka 1975 kuti mafuta asalowe.

Inatsegulidwanso mu 1982, itakonzedwa, tsopano kunyamula mafuta oyenga kale. Imeneyo inali nthawi ya nkhondo. Mu Disembala 1982 mathanki a mafuta ku Beira anaphulitsidwa, ndipo Zimbabwe inasowa mafuta kwa masabata angapo. Asilikali a dzikolo analondera njira ya Beira mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo anabwerera kwawo mu 1993. M'zaka za m'ma 1990 paipi inawonjezeredwa kuchoka ku Feruka kukafika ku Msasa, mu Harare. Mbali ya Beira mpaka Feruka imayendetsedwa ndi Companhia do Pipeline Moçambique-Zimbabwe, mwachidule CPMZ.

Nkhondo inatha. Adani amene anatsala ndi dzimbiri, madzi osefukira, akuba ndi kupupuluma kwa ogwira ntchito. Awa sasaina mtendere ndi wina aliyense.

Mafuta amakwera phiri

Beira ili m'mphepete mwa nyanja, pamene Mutare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1100. Tsono mafuta sayenda okha monga madzi mu ngalande. Amachita kukankhidwa ndi mapampu, ku Beira ndiponso panjira, monga pa siteshoni ya Maforga pafupi ndi Gondola.

Mphamvu yokankhayo, imene amisiri amati presha, imayezedwa ndi muyeso wotchedwa bar. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa ma bar awiri kapena kuposerapo pang'ono. Kuti dizilo akwere mamita 12 pamafunika bar imodzi. Kotero kukweza dizilo mamita 1100 kumafuna ma bar pafupifupi 90, osawerengera mphamvu imene imatayika pamene mafuta akukhula m'makoma a paipi. Mafuta otuluka pa kabowo ndi presha yotere amaboola khungu la munthu. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito safufuza pochucha ndi chala.

Pampu nayonso ili ndi zofuna zake. Valavu ya mbali imene pampu imakokera mafuta iyenera kukhala yotsegula yonse, ndipo sefa ya pamenepo iyenera kutsukidwa. Pampu ikasowa mafuta okwanira imalira ngati muli timiyala, ndipo ikapitirira choncho mapiko ake amadyeka. Wofuna kuchepetsa mafuta achepetsere mbali yotulukira. Pampu isayende youma, ndiponso isayende nthawi yaitali kotulukira kuli kotseka, pakuti mafuta a m'katimo amatentha.

Valavu iliyonse ndi ntchito yake

Valavu, imene ku Beira amati válvula, ndi khomo la paipi. Makomo amenewa si amtundu umodzi, ndipo zambiri zimaonongeka chifukwa chopatsa valavu ntchito imene si yake.

Yoyamba ndi valavu ya chipata. M'kati mwake muli chitsulo chophwatalala chimene chimatsika ndi kukwera pamene munthu akuzunguza chiwongolero. Iyi ndi yotsegula yonse kapena kutseka yonse. Ikasiyidwa pakati, mafuta othamanga amagwedeza chipata ndi kudya pokhalira pake, ndipo tsiku lofunika kutseka imakana kutseka bwino. Ikatsegulidwa mpaka kumapeto, amisiri amabweza chiwongolero pang'ono kuti isamatirire.

Yachiwiri ndi valavu ya mpira. M'kati muli mpira wachitsulo wobooledwa pakati, ndipo imatseka ndi kupotoza kumodzi kokha. Chogwirira chikaloza kumene paipi ikupita, ndiye kuti ndi yotsegula. Chikapingasa, ndi yotseka. Imatseka mothina bwino, koma ngozi yake ndi yakuti munthu angathe kuitseka mofulumira kwambiri.

Yachitatu ndi imene amati globo. Iyi ndiyo inapangidwira kuchepetsa ndi kuwonjezera mafuta pang'onopang'ono. Pathupi pake pali muvi wosonyeza kumene mafuta ayenera kulowera, ndipo woiika atsate muviwo.

Yachinayi ndi valavu yoletsa kubwerera. Ilibe chogwirira. Imatseguka yokha mafuta akamapita kutsogolo, ndi kudzitseka akafuna kubwerera. Pa paipi yokwera phiri, iyi ndiyo imaletsa mafuta kutsikira pa pampu magetsi akazima. Nayonso ili ndi muvi. Koma mmisiri asaidalire pofuna kumasula paipi, pakuti kachitsotso kamodzi kangaisiye yotsegula pang'ono.

Yachisanu ndi valavu yopumira. Presha ikapitirira muyeso, imatseguka yokha ndi kutulutsira mafuta kumalo otetezeka. Imeneyi siimangidwa ndi waya, siitsekerezedwa, ndipo muyeso wake susinthidwa ndi munthu wamba. Ikamadontha, mankhwala ake ndi kuichotsa, kuiyeza ndi kuikonza.

Mavalavu ambiri amatsekedwa pozunguza motsata mivi ya wotchi. Valavu ikauma, mmisiri asalowetse chidutswa cha paipi pa chogwirira kuti apeze mphamvu, chifukwa ndodo ya m'kati imapindika kapena kuthyoka. Valavu yokhala zaka osagwedezedwa imauma. Tsono iyenera kupakidwa girizi woyenera ndi kuyesedwa nthawi ndi nthawi, deti lake ndi kulembedwa m'buku.

Kufunika kwa zimenezi kumaoneka powerengera. Mita imodzi ya paipi ya mainchesi 10 imasunga malita pafupifupi 50. Kilomita imodzi ndi malita pafupifupi 50,000, kuposa katundu wa thankala imodzi ya pamsewu. Paipi ikaboka pafupi ndi mtsinje monga Púnguè, mafuta amene atayike amadalira mavalavu a tsidya lino ndi tsidya linalo. Akatseka bwino, ngozi imachepa. Akakana, mtsinje umamwa mafuta.

Kuthamanga si kufika

Mafuta oyenda m'paipi yaitali ndi olemera ngati sitima ya njanji yodzaza katundu. Valavu ikatsekedwa mwadzidzidzi, mafuta onsewo amagunda pa khomo, ndipo kugundako kumabwerera m'paipi pa liwiro loposa kilomita imodzi pa sekondi. Dizilo woyenda mita imodzi pa sekondi akaimitsidwa kamodzinkamodzi amawonjezera presha ndi ma bar pafupifupi 10. Akakhala kuti amayenda mamita awiri pa sekondi, ndi ma bar 20. Amisiri amati imeneyi ndi nyundo, pakuti paipi imalira ngati yamenyedwa. Nyundo imang'amba gasiketi, imathyola geji, ndipo imang'amba malo amene dzimbiri linadya kale.

Mankhwala ake ndi kudekha. Valavu imatsekedwa pang'onopang'ono, makamaka kumapeto, pamene kampata katsala kakang'ono. Wa ku thanki yolandira mafuta asatseke asanamvane ndi wa ku pampu. Potsegula, njira yonse imayamba yatsegulidwa mpaka ku thanki, pampu ndi kuyatsidwa pambuyo. Posintha thanki, valavu ya thanki yatsopano imatsegulidwa kaye, ya thanki yodzaza ndi kutsekedwa pambuyo pake.

Palinso ngozi ina imene imabwera paipi ili phee. Mafuta akatentha amafufuma. Chidutswa cha paipi chodzaza mafuta, chotsekedwa uku ndi uku, chikakhala padzuwa presha yake imakwera ma bar angapo pa digiri iliyonse. Ku Tete, kumene m'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, paipi imene inatsekedwa m'mamawa ingang'ambe gasiketi masana pampu ili yozima. N'chifukwa chake pa zidutswa zotere amaikapo valavu yopumira yaing'ono.

Mfundo ndi gasiketi

Pamene paipi ikulumikizana ndi valavu kapena pampu pamakhala mbale ziwiri zachitsulo zomangidwa ndi mabawuti. Mbalezo amati flanje, ndipo pakati pake pamakhala gasiketi, imene m'Chipwitikizi amati junta. Mafuta ambiri amachucha pamenepa.

Maflanje ali ndi magulu, ndipo nambala ya gulu imadindidwa m'mphepete mwake. Flanje yachitsulo ya gulu 150 imapirira ma bar pafupifupi 19 kukakhala kosatentha kwambiri. Ya gulu 300 ma bar pafupifupi 51. Ya gulu 600 ma bar pafupifupi 102. Valavu ya gulu 150 ikaikidwa pamalo pofunika ya 600, paipi yonse yasanduka ya gulu 150. Wogula asamangoyang'ana kukula kwa chipangizo, awerenge nambala.

Pomanga, nkhope za flanje ziyenera kukhala zoyera ndi zoyang'anana bwino. Mabawuti sayenera kugwiritsidwa ntchito yokoka paipi yokhota kuti ifike pamalo pake. Gasiketi imaikidwa yatsopano nthawi zonse, pakuti imene inafinyidwa kale siibwerera. Mabawuti samangidwa motsatizana kuzungulira. Mmisiri amamanga limodzi, ndi kulumphira loyang'anana nalo, ndi kupingasa, choncho mpaka onse atha. Ulendo woyamba amamanga pang'ono, wachiwiri amawonjezera, wachitatu amafika pa muyeso wonse, ndipo pomaliza amazungulira kuona ngati lina latsalira. Flanje ikayamba kuchucha paipi ili ndi presha, kumangitsa ndi sipanala pomwepo n'kuputa ngozi. Paipi iyambe yatsekedwa ndi kuphwetsedwa.

Eni zigayo ndi mapampu othirira m'madimba amve apa. Gasiketi yodulidwa ku chubu cha galimoto imafufuma ndi kusungunuka ikakhudzana ndi mafuta. Yofunika ndi ya mphira wotchedwa nitrile kapena ina yopangidwira mafuta. Paipi ya pulasitiki ya madzi si ya mafuta. Ndiponso dizilo sagwirizana ndi paipi kapena thanki yokutidwa ndi zinki, pakuti amasungunula zinkiyo ndi kukatseka sefa ndi majekeseni a injini.

Dzimbiri siligona

Paipi yokwiriridwa m'dothi lonyowa, monga la m'zigwa za Dondo ndi Nhamatanda, imatetezedwa kawiri. Choyamba ndi chikopa chokutira kunja kwa chitsulo. Chachiwiri ndi magetsi ochepa amene amalowetsedwa m'paipi kudzera m'nthaka, kuti dzimbiri lidye zitsulo zina zokwiriridwa dala pambali m'malo mwa paipi. Amisiri amayenda ndi mita kuyeza pa timitengo toyezera, ndipo muyeso umene amafuna ndi volti 0.85 ya mbali yochotsera kapena kupitirira pamenepo. Munthu wakuba waya wa pamalo otere amapeza ndalama zochepa, koma amasiya makilomita a paipi opanda chitetezo. Chimodzimodzi khasu kapena pikiti ikakanda chikopa, dzimbiri limayambira pomwepo, ndipo bowo limadzaoneka patapita zaka.

M'kati namonso muli mdani, ndiye madzi. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, tsono amakhazikika pansi m'malo otsika. Pofuna kuwachotsa, amisiri amalowetsa m'paipi chida chimene m'Chingerezi amati pig, kutanthauza nkhumba. Chimakankhidwa ndi mafuta omwewo, chikusesa madzi ndi zinyalala. Palinso china chokhala ndi makina oyeza kuchindikala kwa chitsulo, chimene chimaonetsa malo odyeka asanaboke. Mwini thanki yaing'ono achite zofanana nazo mwa kukhetsa madzi a pansi pa thanki kawirikawiri.

M'paipi imodzi mumayenda mafuta amitundu ingapo motsatizana, popanda khoma pakati. Pokumana pake amasakanikirana pang'ono. Olandira amadziwa kuti mtundu wasintha poyeza kulemera, pakuti lita ya gazolina imalemera magalamu pafupifupi 740 pamene ya dizilo ndi 840. Osakanikirawo amapatutsidwira mu thanki yakeyake. Valavu imodzi yotsegulidwa molakwa ingathire gazolina mu dizilo kapena mu palafini, ndipo palafini wosakanikira ndi gazolina amaphulitsa nyali m'nyumba.

Asanamasule bawuti loyamba

Ngozi zambiri za amisiri zimachitika pokonza. Dongosolo lake ndi lodziwika. Pampu izimitsidwe, ndipo pa switchi yake paikidwe loko. Mavalavu a mbali zonse atsekedwe, amangidwe ndi tcheni ndi loko, ndi kupachikapo chikwangwani cha dzina la wogwira ntchito. Kiyi akhale m'thumba la amene manja ake ali pa paipi. Kenaka presha iphwetsedwe ndi mafuta akhetsedwe. Geji yoloza pa ziro siyokwanira, pakuti geji imafa. Mmisiri atsegule pokhetsera ndi kuona yekha. Pa ntchito yaikulu amatseka mavalavu awiri ndi kutsegula kokhetsera pakati pake, kapena amalowetsa mbale yachitsulo yopanda bowo pakati pa flanje. Pomasula, amayamba ndi mabawuti a mbali ya kutali ndi thupi lake, kuti ngati muli mafuta otsala athovokere kwina.

Kuwotcherera thanki kapena mgolo umene munali mafuta, usanatsukidwe ndi kuyezedwa mpweya, kwapha amisiri ambiri. Mgolo wopanda kanthu ndi woopsa kuposa wodzaza, chifukwa chimene chimaphulika ndi nthunzi yosakanikira ndi mpweya. Gazolina amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira madigiri 40 pansi pa ziro, pamene dizilo amayamba atatentha kupitirira madigiri 50. Nthunzi ya gazolina ndi yolemera kuposa mpweya. Imakwawa pansi, imatsata ngalande ndi maenje, ndipo imakakumana ndi moto kutali ndi pamene mafuta atayikira.

Mbaliwali imodzi imakwanira. Mafuta othamanga m'paipi kapena m'payipi ya mphira amapanga magetsi awoawo, onga aja amathetheka pa malaya nyengo yachilimwe. N'chifukwa chake thankala imalumikizidwa ndi waya wa m'nthaka isanayambe kutsitsa kapena kulandira mafuta, ndipo chigubu chimaikidwa pansi pothiramo gazolina.

Mawu kwa okhala m'mbali mwa paipi

Amisiri sangakhale paliponse pa makilomita 300. Amene amayamba kuona vuto ndi mlimi, mbusa wa ng'ombe ndi mayi wopita kukatunga madzi. Pamwamba pa paipi sipamangidwa nyumba, sipakumbidwa chitsime kapena dzenje la njerwa, sipabzalidwa mitengo, ndipo sipawotchedwa makala. Zikwangwani zosonyeza njira ya paipi zisazulidwe. Mvula ikakokolola nthaka mpaka paipi kuonekera, nkhani ikafike msanga kwa eni ake. Namondwe wa Idai, amene anagunda Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, anaimitsa kupopa mafuta kwa masiku angapo, ndipo anaonetsa mphamvu ya madzi a m'zigwa zimenezi.

Zizindikiro za kuchucha ndi izi: fungo la mafuta kutchire, udzu wouma pamalo amodzi pamene ponse pali pobiriwira, madzi a m'dambo onyezimira mitundumitundu, chitsime chonunkha mafuta, kapena phokoso la kufwenkha pansi. Woona zimenezi achoke, alowere kumtunda ndi kumene mphepo ikuchokera. Asayatse fodya, asalize njinga yamoto, achotse ana ndi ziweto, ndipo akauze amfumu, apolisi kapena ogwira ntchito pa paipi.

Choposa zonse, asathamangireko ndi chidebe. Mu Okutobala 1998, ku Jesse m'dziko la Nigeria, anthu oposa 1000 anafa pamene paipi yochucha inayaka iwo akutunga gazolina. Mu Januwale 2019, ku Tlahuelilpan m'dziko la Mexico, anafa anthu 137 pa paipi imene akuba anaboola. Chigawo cha Tete chili ndi chilonda chake. Mafuta a ku Tete ndi ena a ku Malawi amachoka ku Beira pa mathankala, kudzera ku Changara, Moatize ndi Zóbuè. Pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange m'boma la Moatize, thankala ya gazolina inaphulika pamene anthu anasonkhana kudzatunga mafuta. Anthu oposa 70 anafa, ana ali pomwepo, ndipo ena ochuluka anapsa koopsa. Boma linalengeza masiku atatu a maliro m'dziko lonse.

Umphawi ndi umene umakokera anthu ku malo otere, ndipo chigubu cha gazolina chingagule ufa wa masiku ambiri. Koma nthunzi ija imafika pa moto munthu asanadzaze chigubu, ndipo zovala zonyowa ndi mafuta sizipatsa mpata wothawa. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Mafuta otayika asiyidwe kwa amene ali ndi zida zowaolera.

Kwa mmisiri wa pa depoti, kwa woyendetsa thankala ndi kwa mwini chigayo, ntchito yosunga mafuta ndi ya tsiku ndi tsiku: kuwerenga nambala ya flanje, kugula gasiketi yatsopano, kupaka girizi, kukhetsa madzi, kuika loko ndi kutseka valavu modekha. Paipi ya Beira yadutsa zaka 60 chimangidwire. Zaka zimene zatsala zidalira ntchito zing'onozing'ono zimenezi, ndiponso anthu a m'midzi amene akamva fungo la mafuta amathamangira kwa amfumu.